Lekani kupopera air cleaner, mukudyetsa injini mchenga

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga ku sekondale, lero ndili ndi mlandu ndi aliyense wa inu amene ali ndi galimoto. Mlandu wake ndi wa kanthu kakang'ono, kapepala kopindapinda kamene kamakhala m'bokosi lakuda pansi pa boneti. Amakaniko amakatchula kuti air cleaner, ena amati air filter. Ntchito yake ndi ya sefa: kusefa mpweya wolowa mu injini kuti fumbi litsale kunja. Chizolowezi chimene chakhazikika kwathu kuno n'chakuti kapepalaka kakada, anthu sakasintha ayi. Amakapereka kwa mnyamata wopopa matayala kuti akapopere ndi kompulesa, fumbi n'kuti buu, kenako n'kukabwezera m'malo mwake. Ena amafika pokachapa ndi sopo waufa n'kukayanika pa udzu ngati sokosi. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi n'choipa, chikupha injini zambiri mwakachetechete, ndipo amene sindingawakhululukire ndi anthu opita kusukulu, amene amadziwa kuwerenga ndi kuwerengera koma safuna kutsegula boneti ya galimoto yawoyawo.

Tiyeni tiyambe tagwirizana za chimene chili pangozi. Galimoto ya mphunzitsi siigwa kumwamba. Imabwera ndi ngongole ya ku SACCO kapena ya kubanki yodula malipiro kwa zaka, ena amachita kugulitsa chimanga ndi soya wa zaka ziwiri kuti akwanitse. Ka Vitz, ka Passo, ka Mira kapena Sienta kameneko kanayenda kale ku Japan, kanatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe katatopa kale pang'ono. Kakafika kuno kamakhala ambulansi ya banja lonse, kamanyamula feteleza, kamapita kumaliro, kamatenga mwana kusukulu yogonera komweko. Tsono kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndipo inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chitsulo chilichonse cha m'kati mwa injini chimachokera kunja, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Munthu amene injini yamufera masiku ano, nthawi zambiri galimoto yake imakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku kuyamba kuikiramo mazira. Tonse tikuzidziwa galimoto zoterozo, zilipo pafupifupi pa sukulu iliyonse. Walira mvula walira matope: munagula galimoto, ndiye kuisamala ndi matope ake.

Tsopano tulutsani pensulo tiwerengere limodzi, monga tinkachitira m'kalasi. Moto suyaka popanda mpweya, zimenezi ngakhale mwana wa Fomu 1 amadziwa. Kuti petulo ayake bwino mu injini, galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740. Chulukitsani ndi 14.7, mupeza kuti ikufunika mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 11. Lita imodzi ya mpweya imalemera pafupifupi magalamu 1.2 okha. Gawani, mupeza malita pafupifupi 9,000 a mpweya pa lita imodzi ya petulo. Amenewo ndi madiramu 45 a malita 200. Mukadzaza thanki ya malita 40 n'kuyenda mpaka ithe, injini yanu imakhala itameza madiramu 1,800 a mpweya, ndipo wonsewo wadutsa pa kapepala kamodzi kaja, kaukulu wosaposa kope lolembera. Anthu amakangana za mtundu wa oyilo, amasankha malo omwetsera mafuta, koma chinthu chimene injini imameza kwambiri kuposa zonse, mpweya, palibe amachilabadira.

Ndipo mpweya wake ndi wa kuno. Misewu yambiri m'dziko muno ndi yadothi, ndipo sukulu zambiri za CDSS zili kumene tala sanafike. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mu Novembala, minda imakhala mbee, tchire likupsa, kamvuluvulu akuzungulira pa bwalo la mpira. Ngakhale m'tauni, tulukani pa msewu waukulu kulowa m'makwalala, muona fumbi lofiira pa masamba a mango ndi pa mawindo. Fumbi limenelo si ufa wa mgaiwa. Mbali yaikulu ndi timiyala ting'onoting'ono, ndipo tambiri ndi ta quartz, mwala womwewo wa nsangalabwi. Mu 1812 katswiri wina wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anakonza muyeso wa kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10, quartz ali pa 7, pomwe chitsulo cha mpeni wamba chili cha pa 5.5. Tanthauzo lake n'losavuta: mchenga umakanda chitsulo. N'chifukwa chake timanolera mipeni pa mwala.

Fumbi likadutsa sefa limalowa mu silinda, momwe pisitoni ikukwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Limakakamira pakati pa maring'i a pisitoni ndi khoma la silinda, n'kusakanikirana ndi oyilo. Oyilo amene ntchito yake ndi kufewetsa amasanduka phala lopalira, ngati phulusa ndi mchenga zimene amayi amakwechera mapoto. Maring'i amadyeka, khoma la silinda limakulika, ndipo lina mwa fumbilo limatsikira m'munsi n'kuyenda ndi oyilo mpaka ku mabering'i. Choopsa n'chakuti zimenezi sizimveka. Palibe getsi limene limayaka pa dashibodi kukuuzani kuti lero mwameza supuni ya mchenga. Mudzangoona patapita miyezi kuti oyilo akutha msanga, mphamvu pa chitunda yachepa, kumbuyo kukutuluka utsi wabuluu. Pofika pamenepo amakaniko amangopukusa mutu n'kunena mawu aja amene amaumitsa m'kamwa, akuti pakufunika ovaholo. Madzi akatayika sawoleka. Chitsulo chodyeka sichimeranso.

Nanga kupopera kumalakwika pati, poti fumbi limaoneka ndi maso likuchoka? Pepala la air cleaner ndi timaulusi tambirimbiri tolukanalukana, tokhala ndi timipata tating'ono kwambiri toti maso sangatione. Analipindapinda dala kuti pepala lalikulu likwane m'kabokosi kakang'ono. Fumbi lokhuthala limatsala pamwamba, koma losalala limalowa n'kukodwa m'kati mwa timaulusito. Tayala la galimoto yaing'ono limalandira mpweya wa mphamvu ya 2 bar kapena 2.5 bar, koma thanki ya kompulesa nthawi zambiri imasunga 6 mpaka 8 bar, mwinanso kuposa. Mnyamata uja akalozetsa payipi yotero pafupi ndi pepala, mpweya umakankha timaulusi n'kukulitsa timipata tija, ndipo m'makona mopindika pepala limang'ambika pang'ono. Akapopera kuchokera ku mbali yakuda, ndiye kuti akulikhomerera fumbi m'kati ndi kulitulutsira ku mbali yoyera, yoyang'ana ku injini. Kuchapa ndiye n'koipa koposa: pepala likanyowa limafufuma, likauma limakhwinyata ndi kuuma gwa, guluu wa m'mbali amamasuka. Sefa ija imabwerera m'bokosi ikuoneka yoyera, mwini wake n'kumwetulira, osadziwa kuti wabwezera lichero lobooka.

Pali mfundo ina imene ambiri amadabwa nayo akaimva koyamba. Sefa imene yagwira fumbi pang'ono imasefa bwino kuposa yatsopano, chifukwa fumbi loyambalo limatseka timipata tokulirapo n'kuthandiza kugwira lobwera pambuyo. Choncho kuda kokha si umboni wakuti yatha ntchito. Sefa yakuda koma yathunthu imangochepetsa mpweya. Ikafika potsekeka galimoto imalemera, koma injini imakhalabe yotetezeka. Sefa yoyera koma yobooka imalowetsa mpweya wambiri pamodzi ndi mchenga wake. Pa ziwirizi, yoyamba imakutayitsani mphamvu pang'ono kufikira mutagula ina, yachiwiri imakutayitsani injini. Ndiye taganizani: munthu akulipira ndalama kuti amusandutsire yoyamba ija kukhala yachiwiri!

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukutukula kale dzanja. Woyamba anena kuti, "Aphunzitsi, buku la galimoto yanga limalola kupopera." N'zoona, mabuku ena amalola. Koma werengani mpaka kumapeto kwa ndimeyo. Amanena za kuuzira kuchokera ku mbali yoyera kupita ku mbali yakuda, ndipo m'buku lomwelo muli makilomita oti mukafikapo musinthe, mwapopera kapena ayi. Opanga masefa amachenjezanso kuti ngati munthu wakakamizika kuuzira, mphamvu ikhale yochepa ndipo payipi italikire. Ndani wa inu anaonapo wopopa matayala akutsitsa mphamvu ya kompulesa asanayambe? Ndani anafunsidwapo kuti mbali yoyera ndi iti? Chimene buku limalola ndi chimene chimachitika m'mbali mwa msewu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo palibe buku limene limati muzipopera sefa imodzimodziyo zaka zinayi.

Wachiwiri anena kuti, "Koma a kabaza amachapa yawo, ndipo njinga zawo zikuyenda." Eya, njinga zamoto zina zili ndi sefa ya siponji, imene anaipanga kuti izichapidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono. Ziliponso zansalu ya thonje, monga za K&N, zimene zimachapidwa ndi mankhwala ake n'kupakidwa oyilo wake. Mathirakitala akale ndi ma Land Rover akale anali ndi mtundu wina wokhala ndi mbale ya oyilo pansi, umene unkatsukidwa n'kuthiridwa oyilo watsopano. Zonsezo zilipo. Koma ya mu Corolla yanu kapena Tiida yanu, ngati simunachite kuisintha nokha, ndi ya pepala kapena ya kansalu kouma, yogwiritsa ntchito kamodzi. Kuichapa chifukwa mnzanu amachapa ya siponji kuli ngati kuchapa kope la mwana chifukwa mwachapa yunifomu yake.

Wachitatu ndiye amene ndimamumvera chisoni, chifukwa mfundo yake ndi ya m'thumba: "Ndalama zake zili kuti?" Sindikunyoza umphawi, inenso malipiro anga ndi a choko omwewo. Koma pitani mukafunse mitengo iwiri tsiku limodzi: wa air cleaner yabwino, ndi wa maring'i, mabering'i, magasiketi, kukonzetsa silinda ku makina ndi malipiro a makaniko. Mukaika manambala awiriwo pa pepala limodzi simudzafunanso mphunzitsi wa masamu. Amene akwanitsa kuthira petulo mwezi ndi mwezi sangalephere kugula sefa kamodzi kapena kawiri pa chaka. Wachinayi anena kuti, "Ine ndakhala ndikupopera zaka zonsezi, galimoto ikuyendabe." Kuyenda ikuyenda, koma funsani kuti pakati pa sevisi ndi sevisi akuwonjezera oyilo kangati. Munthu wosuta fodya nayenso amayenda zaka zambiri asanayambe kutsokomola.

Kuti ndisaoneke ngati ndalembedwa ganyu ndi ogulitsa masipeya, ndinenenso za bodza la mbali inayo. Alipo amene amakuuzani kuti muzisintha air cleaner pa sevisi iliyonse, ati mukatero galimoto isiya kumwa mafuta. Mu 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa zimenezi. Anapeza kuti pa galimoto za petulo zamakono, zimene mafuta ake amayezedwa ndi kompyuta, sefa yotsekeka siisintha kwenikweni kamwedwe ka mafuta; chimene chimachepa ndi mphamvu yothamangira. Chifukwa chake n'chakuti sensa imayeza mpweya umene walowa, ndipo kompyuta imachepetsa petulo molingana ndi mpweyawo. Galimoto yakale ya kabureta ndiyo inaonetsa kumwa mafuta ambiri sefa ikatsekeka. Galimoto zambiri zimene tikugula kuchokera ku Japan masiku ano ndi za kompyuta. Choncho musataye sefa yabwinobwino chifukwa cha lonjezo la mafuta. Pa dizilo, makamaka zakale, sefa yotsekeka imaonekera pa utsi wakuda ndi kulemera pa chitunda. Chimene ndikulimbikitsa ine n'chakuti muziyang'ana nokha, n'kusintha pamene pakufunikadi.

Kuyang'anako n'kosavuta kuposa kulemba sikimu. Imikani galimoto pamalo opanda fumbi, zimitsani injini, idikireni izizire. Tsegulani boneti, fufuzani bokosi lakuda lapulasitiki limene lili ndi payipi yonenepa yopita ku injini. Chivundikiro chake chimagwidwa ndi timakilipi tachitsulo tiwiri, titatu kapena tinayi, pena timasikuluwu. Masulani, tukulani mosamala. Pa galimoto zambiri pali waya wolowa pa chivundikirocho kapena pa payipi pafupi nacho. Ameneyo ndi wa sensa yoyeza mpweya ija, musamukoke ndipo m'kati mwa sensayo musagwiremo. Musanatulutse sefa, onani mmene yakhalira, mbali iti ili m'mwamba. Jambulani ndi foni ngati mumaiwala. Pa ma Hiace ndi mapikapu ambiri a dizilo mupeza yozungulira ngati chitini m'malo mwa yafulati, koma mfundo zake ndi zomwezi.

Mukaitulutsa, yang'anani zinthu izi. Tambasulani pang'ono mapindo a ku mbali yakuda muone ngati adzaza dothi mpaka pansi. Ikwezeni ku dzuwa kapena walitsani tochi kuseri kwake. Ya pepala imene ikadali ndi moyo imaonetsa kuwala kofiirira paliponse. Ngati kuwala sikukudutsa, yatsekeka. Ngati mukuona kadontho kowala kwambiri ngati nyenyezi, yabooka, itayeni lero lomwe. Zina zansalu yokhuthala sizionetsa kuwala bwino ngakhale zili zatsopano, ndiye pa zimenezo dalirani kuona m'mapindo ndi kuwerenga makilomita. Kenako gwirani labala wa m'mbali monse: akhale wofewa, wosang'ambika, wosaphwanyika. Pomaliza chitani mayeso amene ndimawakhulupirira kuposa onse. Pisani chala choyera m'kati mwa chivundikiro, ku mbali yopita ku injini, n'kupukuta. Chala chituluke choyera. Chikatuluka ndi fumbi lofiira, dziwani kuti mchenga ukudutsa penapake, kaya pa sefa, kaya pa labala, kaya pa chivundikiro chosatseka bwino.

Bokosilo limanenanso zina kwa munthu wofuna kumva. Sefa yonyowa ndi oyilo ikukuuzani kuti injini ikupumira oyilo m'njira ya mpweya, ndipo pamenepo pitani kwa makaniko, kusintha sefa kokha sikuchiza. Sefa yonyowa ndi madzi kapena yokhala ndi zipsera za matope ikukuuzani kuti munawoloka pozama. Chenjerani nazo nthawi ya dzinja: madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo akalowa mu silinda amatha kupinda zitsulo za pisitoni nthawi yomweyo. Ndipo inu amene mumaimika galimoto pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga, musadabwe kupeza makoko a mtedza, njere za chimanga ndi tizisanza m'bokosimo. Makoswe amakonda malo amenewa, ndipo amadya pepalalo kuti amange chisa. Galimoto ikakhala masabata osayenda, monga nthawi ya holide, yang'anani musanailize.

Ngati sefa ikadali bwino, igwedezeni pang'ono ndi chikhatho mbali yakuda itayang'ana pansi kuti masamba ndi tizilombo tigwe, basi. Osaimenyetsa pa tayala kapena pa khoma. Pukutani m'kati mwa bokosi ndi kansalu konyowa pang'ono, mosamala kuti dothi lisagwere m'payipi yopita ku injini. Ikani sefa, yakale kapena yatsopano, monga munaipezera, labala akhale pansi mbali zonse. Chivundikiro chitsekeke popanda kulimbana nacho. Mukaona kuti mukuchita kukanikiza ndi bondo, china chake sichinakhale bwino. Tsekani makilipi onse, osasiyako ngakhale kamodzi, ndipo kothyoka kasinthidwe, osamanga ndi chingwe cha legeni. Tsatirani payipi yonenepa ija ndi dzanja mpaka ku injini, muone ngati ili ndi ming'alu m'mapindo ake kapena ngati zomangira zake zamasuka, chifukwa mng'alu wa pamenepo umalowetsa fumbi limene silinadutse pa sefa n'komwe. Musalize injini sefa ili kunja, ngakhale kongoyesa. Mukatha lembani tsiku ndi makilomita m'kope. Ntchito yonseyi siitha mphindi 10.

Kodi muzichita kangati? Mabuku ambiri a galimoto amatchula makilomita a pakati pa 15,000 ndi 40,000 kuti musinthe, malinga ndi mtundu wa galimoto. Koma mabuku omwewo ali ndi gawo lina la galimoto zoyenda movutikira, ndipo misewu yafumbi imatchulidwa m'gawo limenelo. Amene amakhala ku Area 47 n'kumagwira ntchito ku City Centre sangafanane ndi mphunzitsi amene amayenda makilomita 20 a dothi m'mawa ndi madzulo. Langizo langa n'lakuti muziyang'ana nthawi iliyonse imene mukusintha oyilo, ndipo m'chilimwe kamodzi pa mwezi ngati msewu wanu ndi wadothi. Komanso musamakakamire kumbuyo kwa lole pa msewu wafumbi. Inu mwatseka mawindo, koma injini ilibe windo lotseka. Isiyeni lole ipite, fumbi litsike.

Pogula yatsopano m'pamene pali msampha wina. M'mashopu muli zabwino ndi zachinyengo, ndipo makatoni ake amafanana. Tengani yakale ija popita, pamodzi ndi nambala ya chassis, imene ili pa kachitsulo pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko ndiponso pa mapepala a galimoto. Galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi injini zosiyana, ndiye kungonena kuti "ya Vitz" sikokwanira. Tulutsani yatsopanoyo m'katoni muli pa kauntala pomwepo, muziike pamodzi. Kutalika, kufupika ndi kukhuthala zifanane ndendende. Werengani mapindo: yachinyengo nthawi zambiri imakhala ndi mapindo ochepa, otalikirana, pepala lopyapyala, guluu wodukaduka, labala wouma ngati pulasitiki. Wogulitsa akakuuzani kuti "ingodulani pang'ono ikwana" kapena "muikepo kasiponji m'mbali", bwezani katundu wake mwaulemu. Sefa yosakwana bwino ndi chimodzimodzi mpanda wopanda chitseko. Yochotsedwa m'galimoto ina yophwasulidwa musagule, simukudziwa kuti yapoperedwa kangati. Ndipo musasokoneze ndi sefa ina yaing'ono imene imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala. Imeneyo imasefa mpweya wopuma inu m'galimoto, injini siyikhudza.

Ena aganiza kuti ndikunyoza amakaniko athu. Ayi ndithu. Ku Biwi, ku Ndirande ndi m'matauni ang'onoang'ono muli amisiri amene amadzutsa galimoto zoti kwina akanazitaya kalekale, ndipo ena mwa iwo ndi ana anga a m'kalasi amene ndimawanyadira. Makaniko amachita chimene mwini galimoto wapempha ndi chimene walipira. Mukafika n'kunena kuti "ingopangani zotchipa", apopera. Mukamusiyira kiyi n'kupita kukakhala pa mthunzi ndi foni, mudzabwera kudzalipira zimene simunaone. Alipo ochepa osakhulupirika amene amalemba sefa yatsopano pa risiti koma yakale ili momwemo, monganso alipo aphunzitsi ochepa amene amasaina kuti aphunzitsa pomwe sanalowe m'kalasi. Mankhwala ake ndi amodzi: kuyang'ana. Pemphani kuti akuonetseni yatsopano isanalowe, ndipo yakale akupatseni m'manja. Makaniko woona mtima sakwiya nazo. Safunsa anadya phula.

Chimene chimandiwawa kwenikweni, aphunzitsi anzanga, ndi mtima woona ngati maphunziro ndi chiphaso choti manja asadenso. Munthu amaima kutsogolo kwa ana 80 n'kufotokoza bwinobwino za ubweya wa m'mphuno ndi mamina, mmene zimagwirira fumbi kuti lisafike m'mapapo. Wina amaphunzitsa kusefa madzi amatope ndi pepala mu labotale. Wina amaphunzitsa mareshiyo ndi maperesenti. Belu likalira, onsewo amakwera galimoto zimene mphuno yake sanaionepo, ndipo ukawafunsa amayankha monyadira kuti, "Zimenezo ndi za amakaniko." Ana amaona. Amaphunzira kuti sayansi ndi ya pa bolodi ndi ya MSCE, kuti ikatha mayeso imatsala m'kope. Kenako timadabwa kuti dziko ladzaza ndi masatifiketi koma mijigo, majenereta ndi mathirakitala zangoti mbwee, zofa ndi tinthu ting'onoting'ono. Ndipo azimayi musati izi ndi za abambo. Makilipi aja safuna mphamvu, amafuna chala chimodzi. Amene amatha kusintha singano ya makina osokera kapena kutsegula chosindikizira mapepala chikatsamwa, sefa singamuvute.

Kwa inu ophunzira anga akale amene mukuyendetsa mataxi ndi maminibasi a eni ake, mawu anga ndi awa: galimoto si yanu, koma ndiyo ikukudyetsani. Ikakhala pa njerwa bwana wanu adandaula, koma woyamba kugona ndi njala ndi inu. Muuzeni za sefa, ndipo akakana kugula, muonetseni chala chafumbi chija. Kwa inu amene muli ndi magalaja anu, siyani kupereka kupopera ngati basera ya sevisi. Uzani kasitomala zoona, ngakhale akwiye. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono poti mphunzitsi sachoka m'kalasi osasiya ntchito, nayi ya kunyumba. Loweruka likubwerali, musanatsuke galimoto kunja kuti iwale, tsegulani boneti. Itanani mwana wanu kapena wa mnzanu aime pambali panu agwire tochi. Tulutsani air cleaner, iyang'aneni ku dzuwa, gwirani labala, pisani chala ku mbali ya injini. Ngati yabooka, kapena mukudziwa kuti inapoperedwapo kambiri, kapena inachapidwapo ngakhale kamodzi, musaibwezere poyembekezera malipiro a mwezi wina. Gulani ina galimoto isanayendenso ulendo wautali. Aphunzitsi a sayansi, yakaleyo musataye. Pitani nayo kusukulu Lolemba, muidule pakati ndi lumo, ana a Fomu 2 aone ndi maso awo kusiyana kwa mbali yakuda ndi yoyera, ndipo muwapatse samu ya madiramu 45 ija aiwerengere okha. Ntchitoyi sindichonga ine. Idzachongedwa ndi utsi wa kumbuyo kwa galimoto yanu zaka ziwiri zikubwerazi.